Tahalifa ndi Mathero Amene Anamuthawa

Ku Tiberiya aliyense ankamudziwa Tahalifa wosoka nsapato, koma osati chifukwa cha nsapato zake, zomwe kunena zoona zinkaluma. Ankamudziwa chifukwa cha mutu. Ziphunzitso za makolo sizinkaloledwa kulembedwa, choncho kwa zaka makumi anayi iyeyo ndiye anali buku la m'nyumba yophunziriramo. Arabi, aphunzitsi a Chiyuda, akamatsutsana, wina ankangotchula mawu atatu oyamba a chiphunzitso, Tahalifa n'kuimirira, n'kumaliza chonse osapunthwa. Zambiri anazitenga kwa mphunzitsi wina wakummwera amene ophunzira ake anathera kunkhondo, n'kutsala iye yekha.

Koma ukalamba suodira. Anayamba kuiwala pamene waika mpeni, kenako mayina a zidzukulu, ndipo mantha anamugwira. Ankabwereza ziphunzitso posoka, panjira, ngakhale podya, mpaka mkazi wake Tavita anatopa.

"Bambo inu, mphodza zikuzizira. Mukulalikira mbale?"

"Ndisiyeni, mayi. Ndikatseka pakamwa zithawa."

Tsiku lina kunyumba yophunziriramo kunabwera mayi wina, Shelamu, amene mwamuna wake akuti anamira m'nyanja, mtembo osapezeka, mboni imodzi yokha. Kodi angakwatiwenso? Rabi wamkulu anatembenuka.

"Tahalifa, chiphunzitso chakummwera chija. 'Msodzi akaona mnzake...'"

Tahalifa anaimirira. Chiyambi chinabwera, pakati panabwera, koma pothera panali zii. Akwatiwe kapena adikire? Zonse ziwiri zinkamveka zozolowereka m'kamwa. Akanati waiwala, bwenzi zonse zimene ananenapo pamoyo wake zitayamba kukayikiridwa. Shelamu anali chilili pakhomo, maso ali pa iye.

"Akwatiwe," anatero.

Anadikira kuti wina amutsutse, ndipo mumtima ankapempha kuti atero. Koma akanadziwa ndani? Rabi anangovomera ndi mutu, n'kuuza ophunzira kuti abwereze kanayi kuti chikhazikike. Tahalifa anamvetsera nyumba yonse ikuloweza mawu amene mwini wake sankadziwa ngati ndi a makolo kapena ake.

Shelamu anakwatiwa nyengo ya nkhuyu, n'kubereka mwana wamwamuna. Ngati womira uja anali moyo, ukwatiwo unali tchimo, ndipo mwanayo anali wapathengo mpaka imfa. Chiyambire pamenepo Tahalifa ankasokera pakhomo, nkhope ili kumsewu wochokera kunyanja. Mwamuna aliyense wachilendo akatulukira, ankasiya singano, poopa kuti ndi womira uja, mpaka aone kuti wapitirira nyumba ya Shelamu.