Kanyama kamene kanalowa m'bafa mwathu ku Manassas

Ndikukumbukira fungo la chipinda chapansi chimene tinkakhala ku Manassas, ku America: chinyezi, sopo wa kuntchito pa yunifolomu ya amayi, ndi tinsomba ta kapenta tokazinga kukhitchini ya eni nyumba. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, koma kusukulu anandiika ndi tiana tondilekeza m'khwapa, poti ku Ntcheu ndinakulira kumbuyo kwa mbuzi. Nyumbayo inali ya Amake Mutinta, mayi wa ku Lusaka amene ankagwira ntchito limodzi ndi amayi kosamalira okalamba. Akanatichotsa pamenepo, tinalibe kolowera.

Loweruka lina mu Epulo, mvula itangokata, amayi anakuwa kubafa. Ndinawapeza ataima pakona akuloza pansi. Panali kanyama kotalika ngati chala, kofiirira, konyezimira ngati kadzola mafuta. Atakakhudza ndi tsache, mchira unaduka wokha n'kuyamba kuvina pasimenti, mwini wake atagada, mimba yoyera mbee ya madontho akuda ili pamtunda.

"Buluzi wanji wopanda mamba? Chotumidwa ichi," anatero amayi. Ine ndinkakadziwa, koma mwana woleredwa kwathu satsutsa make. Anatapa mchere wodzaza dzanja n'kukathira. Kanadzipinda, khungu likuchita thovu, kenako zii.

Sabata imeneyo amayi anali atakangana ndi Amake Mutinta za mashifiti a kuntchito, ndipo mayi uja anatseka nkhani ndi mawu akuti, "Muzaona." Tsopano amayi anali ataona. Anakulunga kamtemboko m'pepala, n'kumanga chitenje molimba. "Akangobwera kogula zinthuko, ndikamuponyera kumaso. Akane tione."

Kutchula munthu mfiti m'nyumba mwake ndi kulongedza katundu. Ndinagwada, zimene ndinali ndisanachitepo ku America. Ndinati dzina la kanyamako ndi salamanda, ndipo aphunzitsi a sayansi anatisonyeza tambiri kudambo la kuseri kwa sukulu. Amayi anatola pepala lija. "Ukandionetse. Ukapanda kukapeza, usadzatsekulenso pakamwa pa nkhani za akulu."

Tinayenda m'mphepete mwa msewu, pepala lija lili m'manja mwawo. Galimoto iliyonse yobiriwira ndinkaiona ngati ya Amake Mutinta. Kudamboko mitengo inali isanaphuke bwino, madzi akuda ali phee pakati pa mizu, tiachule tikulira mogonthetsa m'khutu. Ndinalowa ndi nsapato zanga za kutchalitchi. Ndinayamba kutsekula ndere zofewa zomera pazitsa, pang'onopang'ono monga anatiphunzitsira. Munali nyongolotsi. Pena kangaude. Zala zinachita dzanzi ndi kuzizira, ndipo kumbuyo kwanga ndinamva amayi akutsonya.

"Tiye. Wanditayitsa nthawi."

Ndinapempha chitsa chimodzi chokha, chowerama pamwamba pa madzi. Nditagawa ndere zake, kanali pomwepo, katadzikulunga pa mulu wa timazira toonekera mkati ngati timikanda ta galasi. Sikanathawe. Pakhosi pake pankangogunda.

Amayi anakwinya chitenje n'kunjuta m'matopemo. Ndinawauza zonse zimene ndinagwira ndi makutu, poti kuwerenga kunkandivutabe: kuti kamapuma ndi khungu, n'chifukwa chake sikatalikira chinyezi, kuti mchira kamautaya dala kuti njoka itanganidwe nawo, kuti kakakazi kamaikira pamwamba pa madzi n'kukhalira mazira masabata ambiri, ana akaswa azingogwera m'madzimo, ali ndi timphonje topumira m'mbali mwa mutu. Ndinawawerengetsa zala za kumwendo wakumbuyo, zinayi. Anatsekula pepala lawo, nawerenganso. Zinayi.

Anayang'ana kakufa kaja m'pepalamo. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Nanga aka, mazira ake akukhalira ndani?"

Anakumba ndi chala pansi pa chitsa, nakaika kakufa kaja, n'kukwirira.

Pofika kunyumba tinapeza Amake Mutinta akutsitsa matumba m'galimoto. "Imwe, mwachoka kuti na matope so?"

Amayi anapukuta manja pachitenje. "Tinali kumaliro, asisi. Bweretsani thumba linalo ndikunyamulireni."

Tinakhala m'nyumba imeneyo mpaka ndinamaliza sukulu, ndipo amayi atadwala matenda awo omaliza, amene ankawasambitsa anali Amake Mutinta, osadziwa chimene chinatsala pang'ono kuwagwera kumaso. Chaka chatha ndinapitako ndi mwana wanga wamkazi, ine imvi zili mbuu. Pamene panali dambo pali nyumba zofanana ndi kapinga wometedwa. Iye anandionetsa kanyamako pafoni, chithunzi chowala bwino, n'kundifunsa m'Chingerezi ngati ndi komweko. Ndinavomera. Koma ndinayendabe mpaka kumapeto kwa mpanda, kumene ngalande imatulutsa madzi, ndipo ndinagwada n'kuyamba kutsekula ndere.