Nkhope pa Chitenje cha Amayi

Chithunzicho chinali chimodzi chokha padziko lonse, ndipo amene anachiwononga ndine. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Kukula kwake chinali ngati chikhatho cha munthu wamkulu, chofiirira ngati tiyi wamkaka, chomatidwa pa kapepala kolimba ngati katoni. Pachithunzipo panali bambo wachichepere wa ndevu zapamlomo, atakhala pampando, malaya atapinda mpaka m'chigongono. Mkono umenewo anaupereka dala kuti udzudzu uulume.

Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Waab, mumzinda wa Doha ku Qatar, kwa dokotala wokalamba wa ku Sudan amene anali atapuma ntchito. Akazi awo anali atamwalira, ndipo ankakhala okha. Chaka chimenecho ananditengera viza kuti ndidzakhale ndi amayi pa holide yaikulu ya sukulu, chinthu chimene mabwana ambiri sachita. Ndinachoka ku Machinga nditavala juzi. Nditatuluka pabwalo la ndege ku Doha, mpweya unandimenya kumaso ngati ndasuzumira mu uvuni wa njerwa.

M'nyumbamo munali chipinda chimodzi chimene tinkachitcha cha mapepala. Munali mabokosi mpaka kudenga. Lamulo linali lakuti eyakoni yoziziritsa chipindacho isazimitsidwe ndipo makatani asatsegulidwe. Chifukwa chake amayi sanauzidwe. Lero ndimati pamenepo adokotala analakwa: lamulo lopanda chifukwa munthu amalisunga mpaka tsiku limene zinthu zasokonekera, ndiye amagwiritsa nzeru zakwawo.

Ine ndiye anandiuza pang'ono, chifukwa anaona khadi langa lachikasu la katemera litatulukira mu pasipoti. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti yelofiva n'chiyani. Ndinati ndi jekeseni. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anafotokoza m'Chingerezi chofewa kuti ndi matenda amene amasandutsa maso achikasu, n'kusanzitsa magazi akuda. Zaka zoposa zana zapitazo, pachilumba cha Cuba, madokotala ankatsutsana: ena ankati amafala kudzera m'zovala ndi zofunda za odwala, ena ankati ndi udzudzu. Kuti mkangano uthe, anthu ena anagona m'zofunda za odwalawo, ena analola kulumidwa ndi udzudzu umene unali utaluma odwala. Mwa olumidwawo munali anthu obwera, amene anali atangowoloka nyanja kudzafuna ganyu.

"Mayina a madokotala ali m'mabuku," anatero. "Ine ndikufuna nkhope za olumidwa."

Anatha zaka akulemba makalata kufunafuna zidzukulu za olumidwawo. Chithunzi chija chinachokera kwa mayi wina wokalamba, mdzukulu wa bamboyo, pamodzi ndi pepala limene agogo akewo anasaina povomera kulumidwa. Mayiyo anangowabwereka adokotala. Nditawafotokozera amayi kukhitchini, ndinkaseka, chifukwa kwathu udzudzu timauwomba m'manja tisanaufunse dzina. Amayi sanaseke. Anangoti, "Chilipo chimene chinamukankha."

Patangopita masiku ochepa envulopu ya chithunzicho itafika, adokotala anapita kunja kukachitidwa opaleshoni ya diso. Ananena kuti akabwerako adzapita nacho chithunzicho kwa akatswiri kuti akachijambule, kenaka adzachibweza kwa mwini wake. Ananenanso kuti adzasaina kontrakiti yatsopano ya amayi, chifukwa yakale inkatha kumapeto kwa mwezi womwewo. Pepala lake analisiya pamwamba pa filiji.

Tsiku lachinayi m'mawa, amayi atalowa m'chipinda cha mapepala kukapukuta fumbi, anapeza madzi akutsika khoma. Paipi ya eyakoni inali itatsekeka. Madzi anadutsa mabokosi onse n'kudzadontha patebulo, ndendende pa envulopu ija. Anazimitsa eyakoni, n'kuchita zimene mayi aliyense wa ku Machinga amachita chimanga chikanyowa. Tinatenga chithunzi ndi pepala losainidwa lija, tinakwera nazo pamwamba pa nyumba, tinayala thawulo, tinayanika. M'makona tinatsindira ndi masupuni.

Dzuwa la kwathu limaumitsa. La ku Doha mu Ogasiti limaphika. Konkire inkatentha kupyola mapatapata, ndipo masupuni sanagwirike ndi manja. Titabwerera patatha theka la ola, pepala losainidwa linali litauma gwa, koma lili bwino. Chithunzi chinali chitamatuka pa kapepala kake kolimba n'kudzipinda ngati tsamba la fodya. Amayi atayesa kuchitambasula, chinalira pang'ono, ngati chikufuna kuthyoka. Anachisiya.

Lachisanu kunabwera amalume. Ankagwira ntchito yaulonda pa nyumba ina yaitali ku West Bay, ndipo ankagona ku Rawdat Al Khail, m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi. Anaima pakhomo la khitchini, chifukwa m'nyumba za mabwana sankalowa. Anachiyang'ana chithunzicho ali patali.

"Achemwali, khalas, zatha basi. Bwezerani mu envulopu, mumate. Akafunsa, chinabwera chonchi."

"Anachiona ndi maso awo, achimwene."

"Maso ake ati? Si omwewo apita nawo kugalaja?"

Amayi sanaseke, ndiye amalume anatsitsa mawu. "Kuno sakhala pabwalo kumva mbali ziwiri. Akukanselani viza lero, mawa muli pa eyapoti ndi chikwama. Ganizani za sukulu ya uyu." Potuluka anatembenuka n'kuwonjezera nthabwala: "Kapena muchisite, mmene tinasitira satifiketi yanga itagwera m'madzi. Inandipezetsa ntchito imeneyo."

Iwo ankacheza. Ine ndinamva malangizo.

M'mawa mwake amayi ali kunja kutsuka bwalo, ndinatenga simbi. Ndinatenganso chitenje chawo chakale chabuluu, chimene anagula ku Limbe asananyamuke. Ndinachita zonse mwa dongosolo, monga ndinkasitira yunifolomu: moto wochepa, nsalu pamwamba, kuwaza madzi ndi zala. Ndinakanikiza n'kuwerenga mpaka faifi. Panatuluka fungo ngati la guluu wowira. M'mphepete mwa simbi munandipsereza padzanja, koma sindinamve.

Nditanyamula chitenje, chithunzi chinali chitawongoka bwinobwino. Mpando unalipo. Malaya analipo, mkono unalipo. Pamene panali nkhope panali poyera ngati pepala losalembapo. Ndinatembenuza chitenje. Nkhope inali pamenepo, pakati pa maluwa awiri achikasu, yotuwa, yoyang'ana kumbali ina. Maso ndi ndevu zinkaoneka.

Amayi sanandimenye. Chimenecho ndi chimene chinandiopsa kwambiri. Anakhala pansi pa matailosi, manja ali onyowabe. Ine ndinathamangira kumpopi ndi chitenje kuti ndichape umboni. Anandigwira mkono.

"Nkhope ya munthu siichapidwa ngati mafuta a ndiwo," anatero. Anachipachika kuseri kwa chitseko cha chipinda chathu, osachipinda. "Ndipo adokotala akabwera, iwe utseke pakamwa. Wasita ndine."

Panatsala masiku anayi. Amayi anaitana wokonza eyakoni, anapukuta khoma, anatsuka nyumba yonse ngati kukubwera ukwati. Koma ndinaona kuti sutikesi yawo yatsika pamwamba pa wadiropu. Tsiku lililonse munkalowa kanthu: nsapato, mpango, mafuta onunkhira amene anagulira achemwali awo. Amalume ankaimba foni masana aliwonse. Ndinkamva mbali ya amayi yokha: "Ndamva, achimwene. Inshallah. Ayi, sindinama." Pepala la pafiliji linkagwedezeka nthawi zonse chitseko chikatsegulidwa, ndipo ndinkaliyang'ana ngati nkhuku yoyang'ana mpeni.

Adokotala anafika masana, diso limodzi lili ndi bandeji. Amayi sanadikire kuti apume. Anayala zonse patebulo la pabalaza: envulopu, pepala losainidwa, chithunzi chopanda nkhope, chitenje. Kenaka anagwada. Adokotala ankadana ndi kugwadiridwa, ndipo tsiku lina lililonse akanawadzutsa. Tsiku limenelo sanawadzutse. Anatenga galasi lawo lokulitsa zinthu n'kuwerama nthawi yaitali. Ndinkamva eyakoni yokha.

"Ndani?"

"Ndine, adokotala," anatero amayi.

Diso lawo limodzi lija linachoka pa amayi n'kutera padzanja langa, pamene panali chilonda cha simbi. Ndinabisa dzanja kumbuyo. Adokotala anatola zonse, analowa m'chipinda cha mapepala, anatseka chitseko.

Masiku atatu sanatilankhule. Chakudya chinkabwerera chitangogwiridwa m'mbali. Amayi ankaimirira panja pa chitsekocho ndi thireyi, n'kugogoda kamodzi. Sutikesi inadzaza. Ine ndinayesa kawiri kupita kukaulula, koma kawiri konse amayi anandibweza ndi diso lokha.

Tsiku lachitatu madzulo anatiitana tonse. Chitenje chinali patebulo, chitayalidwa pakati pa mapepala oyera. Anafunsa ngati chinakhudzidwa ndi sopo. Amayi anati ayi. Anafunsa chifukwa chake sanachitaye, popeza akanatha kubisa. Amayi anayankha m'Chichewa, ine n'kumasulira: "Si changa chokha tsopano." Adokotala anagwedeza mutu. Anati alembera mayi wokalamba uja zoona zonse, ndipo vuto loyamba ndi lawo, chifukwa akanachijambula chithunzicho tsiku limene chinafika. Za kontrakiti sanatchule.

Pamenepo ndi pamene amayi analoza pepala lakale losainidwa lija. "Uwafunse," anandiuza. "Munthuyu anamuwerengera asanasaine?"

Ndinakwiya mumtima. Ntchito ili pa ulusi, iwo akufunsa za munthu wakufa kalekale. Koma ndinamasulira. Adokotala anakokera pepalalo pafupi. Anati linalembedwa m'zilankhulo ziwiri, cha madokotala ndi cha bamboyo, ndipo linanena poyera kuti akhoza kufa. Koma ngati bamboyo ankadziwa kuwerenga, kapena ngati wina anamuwerengera, iwo sakudziwa. Anationetsa siginecha yake. Zilembo zinali zazikulu, zopendekeka, za dzanja lozolowera khasu kuposa cholembera.

Amayi anaiyang'ana nthawi yaitali. Adokotala anawayang'ana amayi. Kenaka anadzuka okha, osatuma munthu, n'kupita kukhitchini. Anabwera ndi pepala la pafiliji. Analiyala pambali pa lakale lija, anavala magalasi pamwamba pa bandeji, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Mzere umodzi, n'kuima kuti ndimasulire. Maola a ntchito. Tsiku lopuma. Tikiti yobwerera kwathu. Yemwe ayenera kusunga pasipoti. Pa mzere uliwonse ankafunsa, "Mwamva? Mukuvomera?" Pa mzere wa tsiku lopuma amayi anati ndibwereze. Atamaliza anasaina, n'kuwapatsa amayi cholembera.

Amayi analira posaina. Ine ndinaganiza kuti akulira chifukwa ntchito yapulumuka, ndipo ndinadabwa kuti bwanji sanayambe kulira pamene adokotala anatenga pepala, koma anadikira mpaka mawu otopetsa onsewo atatha. Sindinkadziwa kuti iyi inali kontrakiti yawo yachitatu ku Doha, ndipo inali yoyamba kuimva. Ziwiri zoyambazo anasaina pamene chala cha munthu wina chinaloza.

Mayi wokalamba uja anayankha ine nditabwerera kale kusukulu. Anati zonse zikhale pamodzi, chithunzi, pepala ndi nsalu. Amayi anagwira m'nyumbamo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Adokotala anamwalira chaka chatha, osandifunsapo za chilonda chija. Mabokosi awo akupita ku laibulale ya yunivesite ina kunja mwezi wamawa, ndipo amene akuwalongedza andilembera kufunsa chifukwa chake muli chitenje cha ku Limbe pakati pa mapepala a ku Cuba. M'kaundula wa adokotala anangolembamo kuti chithunzicho chinawonongeka ndi kutentha.

Ndalemba kalata yoyankha, ndipo ndatchulamo amene anagwira simbi. Kalatayo ili m'chikwama changa, sindinaitumize. Loweruka ndikupita nayo ku Machinga. Amayi anena kuti isachoke ndisanawawerengere.