Ndinkalonda Kalaliki, Mwana Akutha

Ine ndinanyazitsa bambo wosalakwa pamaso pa anthu, kwinaku mwana wanga akufota ndili pompo. Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, imvani zanga musanatukwane munthu.

Ndimathyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Makwasa, ndipo ndimakhala kumalayini, kunyumba za antchito, ndi mwana wanga Felesiya. Bambo ake anamwalira iye ali Fomu 3. Anali mtsikana wathupi, woseka ndi aliyense, moti anzake kusukulu ankamutcha Thumba la Tiyi. Inenso ndinkaseka nawo dzinalo, ndinkati n'zachibwana.

Mayeso a Fomu 4 sanamuyendere, ndiye nyengo ya mvula analowa ganyu yothyola nafe. Apa mpamene anasintha. Chakudya chomwe timalandira kumunda ankapatsa anzake, madzulo n'kumati wadya kale. Ndikamukakamiza ankati akusala kudya popempherera mayeso obwereza, ndipo ine monga wa Sabata ndinkanyadira kuti ndabala mwana woopa Mulungu. Koma kusalako sikunkatha. Masiketi anayamba kumuvuka, tsitsi likuthothoka, juzi osavula ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Tulo analibe, ankati mtima ukumuthamanga ngati kukubwera zoopsa. Kwaya anasiya, Sabata ankangogona moyang'ana kukhoma.

Ine kukayikira ndi chibadwa changa. Kuno mtsikana akamaonda timathamangira ku matenda aja, ndipo funso limakhala loti wamupatsira ndani. Tsiku lina mnzanga ananditsina khutu kuti tikaweruka, Felesiya amatsalira kushedi yoyezera tiyi. Kumeneko kumakhala a Namaona, kalaliki wa sikelo, bambo wapabanja. Ndinati basi, utsi sufuka popanda moto. Kuyambira pamenepo ndinkawalonda, ngakhale moni wawo kwa mwanayo ndinkaumva ngati chibwenzi.

M'mawa wina a Namaona anandiitanira pambali n'kunena kuti, "Mayi, ndimafuna tikambirane za mwana wanu." Sindinawalole kumaliza. Ndinawasambitsa chokweza pamaso pa anthu onse amene anali pamzere ndi madengu, kuti andiphera mwana ndi matenda awo. Iwo anangowerama. Mawu anafika kwa akazi awo, ndipo sabata isanathe mayiwo anali atalongedza, ulendo wa kwawo ku Khonjeni ndi ana omwe.

Felesiya ndinamukokera koyezetsa magazi. Anamupeza alibe kachilombo, mimba analibenso, koma ine ndinati makinawo anama. Ndinatsimikiza zowagwira ndekha. Titaweruka ndinabisala m'tiyi kuseri kwa shedi. A Namaona anali patali, akukweza matumba m'thirakitala. Felesiya anafika yekha, n'kuyang'ana uku ndi uku. Anavula juzi ndi masilipasi, anagwira mbedza ya sikelo ndi manja onse, n'kupinda miyendo kuti alendewere ngati thumba, maso ali pa manambala. Atatsika anayamba kulira akudzitsina pamimba, pomwe panalibe n'chotsina chomwe. Kenaka anagwa.

Amene anathamanga kudzamunyamula ndi a Namaona omwewo, ndipo ndi iwo anapempha dalaivala kuti atithamangitsire kuchipatala cha mishoni. Panjira a Namaona anandiuza modekha kuti anamuonapo kangapo akudziyeza choncho, ndipo ndi zomwe ankafuna kundiuza tsiku lija. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

Adokotala anati tikanachedwa pang'ono mtima ukanaima. Anandifotokozera kuti ndi matenda otchedwa anorekisiya, oti munthu amaopa kunenepa n'kumadzimana chakudya, amadziona wonenepa ngakhale atatsala mafupa, ndipo kawirikawiri amayendera limodzi ndi nkhawa komanso kukhumudwa kwakukulu. Ine ndinkayesa zoterezi n'za azungu. Atapezako mphamvu, Felesiya anandiuza kuti chimwalirireni bambo ake amadziona ngati katundu wolemetsa, wolephera zonse, ndipo kusadya n'chinthu chokha chimene ankakhoza. Anamaliza ndi mawu amene amandilasabe: "Amayi, munafunsa anthu onse a m'malayini, koma ine simunandifunse."

Panopa akumwa mankhwala ndipo amakaonana ndi mlangizi. Timadya mbale imodzi, pang'onopang'ono, ndipo masiku ena mpaka misozi. Ku Khonjeni ndinapita kukapepesa. Akazi a Namaona anandimvetsera bwinobwino, kenaka anati kutukwana kunamveka esiteti yonse, kupepesa kwamveka pakhonde pokha. Mpaka lero sanabwerere.

Inu owerenga, mwana akamaonda, akamabisa chakudya, akasiya kuseka, musayambe ndi kusaka wolakwa. Khalani naye pansi mumufunse chikumupweteka n'chiyani, ndipo muthamange naye kuchipatala. Maina onyoza thupi la mwana musamaseke nawo. Ine m'mawa uliwonse ndimakoloweka tiyi wanga pa mbedza yomwe ija. A Namaona amandiyezera mwachilungamo ngati kale, koma sanandiyang'anenso kumaso.