Chitseko chosakhoma

Lero ku Limbe ndagula chogwirira chitseko. Kuzizira kwa chitsulocho m'manja kwandikumbutsa bambo anga.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene anabwerera kwathu ku Chilobwe kuchokera kundende ya andale, komwe anakhala zaka zinayi osazengedwa mlandu. Anafika miyendo itatupa, mano akutsogolo mulibe.

M'mawa mwake amayi anandituma kukawaitana tiyi asanapole. Nditatsegula kuchipinda, ndinawapeza ataima kuseri kwa chitseko, atavala kale, manja ali kumbuyo.

"Ababa, bwanji osatuluka? Sichokhomatu ichi."

Anayang'ana chogwiriracho nthawi yaitali.

"Ndimadikira wodzatsegula," anatero. "Tatsekanso, mwananga, ndiyese ndekha."

Ndinatseka, n'kuima panja, kumvetsera.