Mizere Yokhota ya Achipeso

Achemwali anga anthu amawatchula Achipeso, chifukwa kuyambira ali mtsikana chipeso chamchira sichichoka m'tsitsi mwawo, ngakhale pokagula tomato. Ntchito yawo inali yoluka tsitsi. Saluni yathu ndi kachipinda kamodzi pakati pa okonza mafoni ndi ogulitsa penti, muli mipando iwiri, galasi losweka pakona, beseni ndi misomali yopachikapo meshi. Ine ndimatsuka mitu ndi kumaliza nsonga, koma mizere inali ya iwowo. Ankagawa tsitsi osayang'ananso, uku akukalipira kasitomala chifukwa chogona osamanga duku, mzere n'kutuluka wowongoka ngati wachita kuyezedwa ndi chingwe. Sanali munthu wofatsa ayi. Ukagwedeza mutu ankakugogoda ndi chipeso, kaya ndiwe mkazi wa bwana. Anthu ankadandaula, mawa lake n'kubweranso ndi anzawo.

Matenda anayamba ndi kuuma kwa zala m'mawa. Ankafika n'kuviika manja m'madzi ofunda tisanatsegule, amvekere ndi kuzizira chabe. Kenako mfundo za zala zinatupa n'kumatentha. Kuchipatala adokotala anatiuza kuti ndi nyamakazi ya mtundu wina, imene asilikali a m'thupi amasokonezeka n'kuyamba kumenya kwawo komwe. Anati chitetezo cha achemwali sichinatsike, chalusa, ndipo chikudya mfundo zawo. Anawapatsa mapiritsi omwa kamodzi pa sabata oti azichibweza pang'ono, n'kuwachenjeza kuti asasiye osawafunsa. Patapita nthawi kutupa kunaphwa, kugogoda anthu kunabwerera, tonse tinapuma.

Tsono pali alamu anga, amuna awo. Amagwira ntchito kocheka matabwa a paini, ndipo akalowa m'nyumba umadziwira fungo la utomoni ndi utuchi wa m'makutu. Samwa mowa, samenya, malipiro amafika nawo kunyumba. N'chifukwa chake anthu safuna kuti ndiziwanena. Koma alamu ndi ouma mutu, ndipo akagwira nkhani imodzi saionanso ina. Mchimwene wawo anamwalira kale ataonda kwambiri, madokotala atanena kuti chitetezo chatsika. Kuyambira pamenepo, kwa alamu matenda onse ndi kutsika kwa chitetezo, kaya ndi dzino, kaya ndi chipere. Ndiye tsiku limene achemwali anadwala chifuwa chochedwa kupola, iwo n'kumva kuti mapiritsi aja ntchito yake ndi yobweza chitetezo, anaona ngati mkazi wawo akuphedwa masanasana.

Kapitawo wa kuntchito kwawo ndiye anawaonetsa kanema wa pafoni. Munthu wovala jasi loyera ankanena kuti makungwa a paini amachotsa kutupa ndi kukweza chitetezo, ndipo kuli makapisozi ake. Alamu anabwera kusaluni nkhope ikuwala, botolo lili m'manja. Anati taonani, mtengo umene akhala akuucheka moyo wawo wonse, makungwa ake n'kumawapondaponda ngati zinyalala, ndiwo mankhwala a mayi a kunyumba kwawo. Zinawakoma kwambiri kuti machiritso achokera kuntchito kwawo.

Ine ndinawakumbutsa mawu a adokotala, kuti vuto n'kulusa kwa chitetezo, nanga chinthu cholusa kale ungachikwezerenji? Anandiseka.

"Inu alamu, tsukani mitu," anatero. "Chitetezo chinachulukapo liti mwa munthu? Munamvapo kuti munthu wafa ndi mphamvu?"

Sanalekere pomwepo. Anaitana amayi awo, alongo awo, mpaka kapitawo uja, onse kudzazungulira achemwali pabalaza ngati apalamula. Apongozi analira, akuti anaika kale mwana mmodzi, sakufuna kuikanso mkamwana. Achemwali, munthu wosaopa kasitomala aliyense, misozi ya nkhalamba inawagonjetsa. Mapiritsi alamu anakawataya m'chimbudzi okha, n'kusamba m'manja ngati agwira poizoni.

Chondiwawa n'chakuti masabata oyamba zinthu zinayenda. Chifuwa chinapola, zala zinali bwinobwino. Tinadzamva pambuyo pake kuti mankhwala a kuchipatala aja sathera pompo m'thupi, ndiwo anali kugwirabe ntchito. Koma ulemu wonse unapita kwa paini. Alamu ankadutsa pasaluni akuimba mluzu, n'kundifunsa kuti adokotala aang'ono, kunena ine, adzuka bwanji.

Kenako kutupa kunabwerera, ndipo kunabwera ndi ukali. Achemwali anayamba kugwetsa chipeso. Mutu woluka m'mawa umodzi unkawatengera tsiku lonse, thukuta lili kamukamu, milomo ataluma. Ndikati tiyeni kuchipatala, alamu amvekere matenda akutuluka, ululuwo ndi umboni woti asilikali adzuka. Anaonjezera makapisozi. Ataona kuti sizikusintha anati a m'botolo ndi osungunula, n'kuyamba kubwera ndi makungwa enieni m'thumba la simenti, kumawawiritsa mumphika mpaka nyumba yonse kununkha ngati mogulitsira matabwa. Achemwali ankamwa madzi ofiira owawawo atatsinzina. Ndinakangana nawo alamu kangapo, tsiku lina mpaka oyandikana nyumba anatuluka. Anandiuza kuti za m'banja la eni zisandikhudze, popeza langa linandikanika. Achemwali anandipempha kuti ndisiye, akuti phokoso likuwapweteka kuposa zala.

Nyengo yozizira inadutsa choncho. M'mawa wina kasitomala wakalekale anakhala pampando, achemwali n'kuimirira kumbuyo kwake. Anayesa kutsina tsitsi, zala osakumana. Anayesanso. Kasitomala anawayang'ana pagalasi, n'kunena mwaulemu kuti wakumbukira kuti wasiya moto kunyumba. Tsiku lomwelo ndinatseka saluni, kuwakweza achemwali galimoto kupita nawo kuchipatala, osapempha chilolezo kwa munthu.

Adokotala anagwira manjawo nthawi yaitali. Zala zinali zitapendekera kumbali, mfundo zitatuluka ngati mfundo za nzimbe. Ndinawaonetsa botolo lija. Sanalinyoze. Anati alipo ofufuza amene amati makungwa amenewa mwina amaziziritsako kutupa pang'ono, koma zambiri sizinadziwike bwino, ndipo sangalowe m'malo mwa mankhwala a matenda ngati awa. Anati achemwali akanawafunsa, akanakambirana, ngakhale za chifuwa chija. Anati kutupa akuletsanso, ululu uchepa, koma mfundo zimene zadyeka sizimeranso.

Titabwerera kunyumba ndinawauza alamu zimenezi. Mawu oyamba kutuluka pakamwa pawo anali akuti iwo ankangofuna kuthandiza. Mawu amenewa ndawamva kwa apongozi, kwa alongo awo, kwa oyandikana nawo, ndipo andikwana. Aliyense akufuna ndiwamvere chisoni alamu chifukwa mtima wawo unali wabwino. Mtima wabwinowo uli ndi zala zake zonse, ukuchekabe matabwa.

Achemwali sakulukanso. Ululu unachepadi, amatha kugwira kapu ndi manja awiri, koma mabatani amawavuta, ndipo kukweza manja kufika pamutu ndi nkhondo. Tsitsi lawo lalitali lija linayamba kupotana. Lamulungu lina masana ndinapita ndi mafuta ndi chipeso kuti ndikawaluke. Ndinawapeza atakhala pakhonde, alamu ali chapatali akukonza njinga yosawonongeka. Nditangowagwira mutu anandiletsa.

"Apatse alamu akowo chipesocho," anatero.

Ndinawauza kuti alamu sadziwa ngakhale kugawa tsitsi pakati.

"Aphunzira. Anadziwa za chitetezo osapita kusukulu yake, tsitsi lingawavute?"

Alamu anabwera, kupukuta manja pathalauza, n'kulandira chipeso ngati chotentha. Achemwali anawauza mosakweza mawu kuti kuyambira tsopano mutu umenewu ndi ntchito yawo, Lamulungu lililonse, mpaka mmodzi adzaike mnzake. Zala zokhakhala zija zinalimbana ndi tsitsi mpaka dzuwa kupendeka. Zimene zinatuluka sindingazitchule kuti mizere. Wina wonenepa, wina woonda, wina unayambira pamphumi n'kukathera kukhutu.

M'mawa mwake achemwali anabwera kusaluni wapansi, kudutsa msewu wonse wa mashopu opanda duku. Okonza mafoni anayang'ana pansi. Achemwali anakhala pampando wa pakhomo, pamene amakhala masiku ano n'kumandikalipira ndikakhotetsa mzere. Makasitomala ankalowa, kuona mutuwo, n'kusowa poyang'ana. Ine manyazi ndi mkwiyo zinandigwira. Nditapeza mpata ndinapita kumbuyo kwawo ndi chipeso, n'kuwanong'oneza kuti ndingokonzako kutsogolo kokha, alamu sadziwa.

Anabweza mutu.

"Usakhudze," anatero. "Akafunsa, uziwauza amene waluka."