Lamlungu Limene Ndinaimba ku Bala ya a Gondwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Fomu 1, ndipo ndinkakhala ku Chilomoni ndi azakhali anga, a Rozina, mlongo wawo wa bambo. Makolo anga anatsala kumudzi ku Nsanje. Ine ananditumiza m'tauni kuti ndikaphunzire. Mkati mwa sabata azakhali ankasoka zovala pakhonde la golosale ina. Koma Lamlungu masana, tikabwerako kutchalitchi, ankavala chitenje chawo chabwino, kunyamula gitala yopanda magetsi, n'kupita kukaimba okha ku bala ya a Gondwe.

Zimenezi zinkandichititsa manyazi. Ine ndinali m'kwaya ya achinyamata, ndipo nthawi zambiri ndinkapatsidwa kutsogolera nyimbo. Amayi a kumphakati ankandiyamikira tikatuluka Misa, mpaka zinandilowa m'mutu. Mumtima ndinkati kuimba kwenikweni ndi kwathu kuja, titavala mabulauzi oyera, tchalitchi chonse chili duu. Za azakhali ndinkaziona ngati kungokanda nsambo pamaso pa anthu oledzera.

Sabata ina azakhali anadwala chimfine chachikulu. Mawu anasasa. Anamwa madzi otentha a mandimu ndi jinja, koma osasintha. Loweruka madzulo ndinawaona atakhala pamkeka, gitala ili pamiyendo, akuyesa kuimba koma kumangotuluka mpweya. Anandiuza kuti a Gondwe anali atayamba kale kukamba zogula masipika akuluakulu, chifukwa makasitomala achinyamata ankati nyimbo za gitala n'zachikale.

"Ndikangojomba mawa, ndiye kuti ndawapatsa chifukwa," anatero monong'ona.

"Inu muziimba gitala, mawu ndiimba ine," ndinayankha. "Nyimbo zanu zonse ndimazidziwa. Si mumaziimba tsiku lililonse mukamasoka?"

"Kumene kuja si kwa ana, Tereza."

"Ndi masana, azakhali. Ine ndimaimba tchalitchi chitadzaza. Kagulu ka m'bala kangandiopse chiyani?"

Kenako anavomera, koma anati ndikangoimba nyimbo zochepa ndibwerere kunyumba dzuwa likadalipo.

Bala ya a Gondwe inali chipinda chimodzi cha malata, ndi khonde lotchingidwa ndi mpanda wa bango. Nditalowa, linandilandira fungo la mowa wotayikira pansi, utsi wa kanyenya ndi msuzi wa mang'ina umene unkawira pambaula. Pakona TV inkaonetsa mpira popanda mawu. Ndinafunafuna siteji, koma panalibe. Malo a azakhali anali mpando wapulasitiki pafupi ndi firiji, pamene aliyense wofuna mowa ankadutsa. A Gondwe, bambo wamtali wa ku Rumphi amene anapuma ntchito ya boma, anafunsa kuti ndine wa ndani. Azakhali atafotokoza, a Gondwe anangopitiriza kupukuta tambula.

Azakhali anayamba nyimbo yawo ya mayi wowoloka Shire pabwato kukagulitsa nsomba. Ndinaimirira mowongoka, manja nditagwirizanitsa kutsogolo monga tinkachitira kukwaya, maso kudenga. Ndinayamba bwino ndithu. Koma palibe anatembenuka. Wina ankaitanitsa mowa, ena ankakangana za referii, wina ankaseka pafoni. Ndinali ndisanaimbepo anthu akulankhula. Ndinakweza mawu kuti andimve, ndinakwezanso, mpaka mawu anang'ambika pamwamba ngati a tambala wophunzira kulira.

Apo ndi pamene anatembenuka. Bambo wina wovala chipewa chofiira anakweza botolo nati, "Sisitala, Misa inatha m'mawa."

Bala yonse inafa ndi phwete. Mawu a ndime yachiwiri anandithawa. Azakhali anabwereza poyambira paja kundidikira, akundinong'oneza mzere woyamba, koma makutu anga ankangomva kuseka. Ndiye ndinaona a Mhango, bambo ake a Wezi mnzanga wa m'kalasi, atakhala kukona. Iwo sankaseka. Ankayang'ana pansi, ngati munthu amene waona mnzake chitenje chitamasuka pamsewu. Chisoni chawocho chinandipweteka kuposa kuseka kwa enawo. Ndinathawa. Potuluka ndinapunthwa pa kreti ya mabotolo opanda kanthu, ndipo phokoso lake linandiperekeza mpaka panja.

Ndinakakhala kuseri kwa mpanda, pafupi ndi ngalande, ndikulira. Ndinkayembekezera kuti azakhali anditsatira. Sananditsatire, ndipo gitala sinasiye kulira. Ndinawamva akuti ndi mawu awo osasawo, "Achimwene a chipewa, poti mawu muli nawo ambiri, lero mundibwereke."

Anthu anasekanso, koma kuseka kwake kunali kwina. Ndinasuzumira pampata wa bango. Azakhali ankatchula mzere umodzi motsitsa, bambo uja n'kuvomera ndi mawu ake okhuthala, kenako ena awiri atatu n'kulowerera. Maso a azakhali ankayenda pa munthu mmodzimmodzi. Wina atalowa pakhomo, anamulowetsa dzina m'nyimbomo, munthuyo n'kuima chilili akumwetulira. Pamene phokoso linkakula, iwo ankachepetsa gitala m'malo mokweza, ndipo anthu ankachita kutontholetsana okha kuti amve. Ndinali nditamva nyimbo imeneyo kambirimbiri kunyumba, koma ndinali ndisanaonepo zimene imachita ikafika pa anthu.

Sizinapite patali. Chifuwa chinawagwira pakati pa nyimbo yotsatira, anatsokomola mpaka misozi, ndipo a Gondwe anakweza wailesi.

Pobwerera gitala ndinanyamula ine. Tinadutsa amayi ogulitsa makala ndi ana osewera mpira wa mapepala. Ndinkafuna andikalipire kuti zithe. Titayandikira kunyumba, anaima kuti apume.

"Kutchalitchi anthu amakhala chete iwe usanatsegule pakamwa," anatero. "Bata limenelo si lako, ndi la Mulungu. Kuno bata umachita kupempha kwa munthu aliyense payekha. Ndiye ungapemphe bwanji munthu ukuyang'ana denga?"

Anandigwira paphewa. "Koma wolakwa ndine. Sindikanayenera kukutenga."

Lamlungu lotsatira masipika anali atafika. Nyimbo zake zinkamveka mpaka pakhomo pathu. A Gondwe sanawachotse azakhali mwamwano, anangowauza kuti ayambe apuma, adzawaitana. Sanawaitanenso. Kwa miyezi ingapo, Lamlungu masana azakhali ankangokhala pakhonde kumasula ulusi wa zovala za anthu, gitala ili pamsomali. Mwina masipikawo akanabwerabe ngakhale ine ndikanaimba bwino. Azakhali ankatero. Ine ndinkalephera kuwayang'ana kumaso. Patapita nthawi anapeza kabala kena ku Ndirande, ulendo wa maminibasi awiri, ndipo anayambiranso kumeneko pamaso pa anthu osawadziwa.

Kusukulu Wezi sananene kanthu, ndipo ndikukhulupirira kuti bambo ake sanamuuze. Koma nkhani ya m'bala sigona m'bala. Dzina la Sisitala linandikakamira mpaka ndinalemba mayeso a Fomu 4. Kukwaya ndinapempha kuti andibwezere mzere wakumbuyo.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndimakhala ku Machinjiri. Nthawi zina ndikamadutsa pa kabala n'kuona munthu mmodzi atakhala ndi gitala, anthu akumwa atamufulatira, ndimachepetsa liwiro. Ndimadziwa kulimba mtima kumene kumafunika kuti munthu akhale pampando umenewo, popanda ng'oma, popanda mnzake wobisalako akalakwitsa.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti chimene chinkandiwotcha nkhope ndikakumbukira tsiku lija ndi kusekedwa. Kusekedwa kunapola kalekale, ndipo ana anga ndimawasimbira tikuseka. Chimene sichinapole n'chakuti ndinkakhala nyumba imodzi ndi katswiri, ankandidyetsa ndi kundiphunzitsa sukulu, ine n'kumachita naye manyazi. Anthu a m'bala aja, ndi mowa wawo m'mutu, ankawamvera azakhali anga kuposa ine amene ndinkadya nawo mbale imodzi.