Magazi a Atate Anapita N'kubwerera

Tinanyamuka ku Chiringa m'mamawa, ine ndi atate anga, pa matola yodzaza matumba a nandolo. Mtima wa atate unali utafooka, madzi atadzaza m'mapapo, ndipo mapiritsi okodzetsa anali atasiya kugwira ntchito. Adokotala anatiuza kuti ku Blantyre kuli makina osefa magazi amene angachotse madziwo. Tsoka ilo, chaka chimenecho nkhani ya anamapopa inali m'kamwam'kamwa. Atate anavomera ulendo chifukwa cha befu, koma ananenetsa kuti magazi awo sadzatuluka m'thupi iwo ali moyo.

Paboma pa Phalombe tinakwera minibasi ya ku Limbe. Kondakitala anafuna kutilipiritsa anthu atatu poona miyendo yotupa ya atate, koma atamva kapumidwe kawo anachita manyazi, n'kuwapatsa mpando wakutsogolo. Msewu unali wa fumbi ndi zigwembe zokhazokha. Pa Chiradzulu mayi wina anatigawira chinangwa chophika, ndipo atamva kumene tinkapita anagwira pakamwa.

"Ena akuthawa opopa magazi, inu mukukapereka nokha?"

Ndinalakalaka kumubwezera chinangwa chakecho.

Tinafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Atangoona machubu, atate anandiuza kuti tizibwerera, akafere kwawo. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa milomo yawo inali itayamba kuda. Namwino wake, mayi wa ku Mulanje, sanakangane nawo. Anawapatsa moni m'Chilomwe, n'kuwakankha pa njinga ya odwala kupita pa bedi la bambo wina amene anali kale pa makinawo, atapempha chilolezo kwa mwiniwake.

"Tsatirani chubuchi ndi chala chanu, bambo. Mukaona pamene magazi akuthawira, ndikuperekezani ndekha kudepoti."

Chala cha atate chinayenda kuchoka pa wodwalayo, kudutsa pa sefa, mpaka kubwereranso kwa mwini wake. M'thumba la pansi munkangodontha madzi achikasu. Anatsatira kachiwiri, poti ndi munthu wosagula mbuzi ili m'khola. Kenaka anavomera, pokhapokha ine ndikhale mlonda wa chubu chobwezera magazi.

Atawalumikiza ku makinawo, ndinalondera ndithu, osaphethira. Namwino uja ndimamusirirabe mpaka lero: anadziwa kuti munthu wamantha sumuuza, umamuonetsa. Thumba litayamba kulemera, phokoso la m'chifuwa mwa atate linazilala. Analiyang'ana nthawi yaitali, ndipo analankhula mawu onse osadukiza kuti apume.

"Mwana wanga, ndiye kuti ndinkamira ndili pamtunda."